Matumba Odzisoka Okha

Chaka chimene fakitale ya feteleza inatsegulidwa kufupi ndi kwathu ku Chisemphere, makuponi anafika mvula isanagwe, zimene tinali tisanazionepo. Consolata, mayi wamasiye wochita nane malire a munda, anakatenga matumba ake a feteleza wa fodya dzuwa la Okutobala likadali ng'aa. Koma mayi ameneyu sakhutira msanga. Ankafuna kuonanso kumene matumbawo akuchokera.

Mlamu wake Prosper, mlonda wa pafakitalepo, anamufikitsa pawindo lalikulu.

Consolata anangoti kukamwa yasa. M'chinyumba chachikulu kuposa tchalitchi cha parishi munalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Thumba linkabwera lokha, n'kutsegula kukamwa, n'kumeza feteleza mpaka kukhuta. Dzanja lachitsulo linkalisoka, lina n'kulinyamula, n'kukalikhazika pa anzake mwaulemu.

"Alamu, akuziuza zochita ndani?" anafunsa monong'ona.

"Kompyuta," anatero Prosper. "Sidwala, sipita kumaliro, siledzera ngati amuna a kwanu."

"Ndiye sifuna kanthu?"

"Madzi okha. Makinawa akatentha amamwa osapuma. Anawakumbira mijigo yakuya kumunsi kwa dambo."

Consolata anabwera kumudzi nkhani ili pakamwa. Anatitopetsa nayo kuchigayo, kumphakati, paliponse. Ine ndinkamuseka kuti angokwatiwa nacho chitsulocho, koma kunena zoona, akamasimba nanenso tsitsi linkandiimirira.

Chiyembekezo chake chonse chinali kunazale ya m'dambo, kumene mbande zake za fodya zinamera mochititsa kaso. Ndiye chitsime cha kunazaleko chimene sichinaphwepo ngakhale chaka cha njala chinayamba kutsika. Consolata analumikiza chingwe cha ndowa. Analowa yekha n'kukumba. Ndowa inayamba kutulutsa matope, kenako inangogogoda pouma. Mbande zinafota iye akuona, ndipo za anzake m'dambo monse zinapsa chimodzimodzi, moti panalibe koti n'kukapemphako zina.

Tsiku limene mvula yowokera fodya inagwa ndinapita kukamuona, mtima ukundiwawa. Ndinamupeza atakhala pansi m'nyumba, pafupi ndi matumba aja, osamasula ngakhale limodzi. Ankayendetsa chala pamsoko pang'onopang'ono.

"Taonani kuwongoka kwake, aneba," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale telala wa pa Kasungu sangasoke chonchi."

Kunja mvula inkagwa bwinobwino pamizere yake yopanda kanthu.