Kanyimbo ka pa Makina Osokera

Chikwama chinali kale pakhomo pamene Mayi anaona kuti diresi ya mdzukulu wawo yasosoka m'munsi. Anamuvula pomukodola ndi manja, poti kamtsikanako sikankamva chinenero chawo, n'kukhala pa makina a amuna awo, Atelala, amene anaikidwa m'manda dzana.

Mwana wawo woyamba, yemwe ankangomutcha Chisamba, anaima pazenera kudikira galimoto. Anali atanena kale kuti akapita ulendo uno sadzabweranso. Atelala anamukana atakwatira mkazi wakunja wolankhula Chisipanishi, ndipo mpaka imfa sanamuimbireko foni. Anali ouma mutu ngati chitsa, mwanayo n'kutengera komweko. Mayi anali ataika mmodzi, tsopano ankaopa kutaya wamoyoyu.

Phazi litangogwira chopondera, pakamwa pawo panayamba pokha, motsatira kugogoda kwa makina: "Hablaría, hablarías, hablaría..."

Kamtsikana kanadzutsa mutu. Chisamba anatembenuka n'kufunsa kumene anawamva mawu a Chisipanishiwo. Mayi anati ndi kanyimbo ka bambo ake, kamene ankaimba posoka m'mawa uliwonse chibadwireni mdzukuluyu. Amene ankawaphunzitsa anali kasitomala wina, mphunzitsi wopuma pantchito. Tanthauzo lake Mayi sankalidziwa, ankangoti ukalamba wafika.

"Akuti ndikanalankhula, ukanalankhula, akanalankhula," anatero Chisamba. "Nanga bwanji sanalankhule, Mayi? Foni inali m'thumba mwawo."

"Ankati aimba foni akasiya kulakwitsa. Sankafuna kuti mpongozi wawo awaseke. Akafika pa mawu achinayi lilime linkawakana, ndiye ankatukwana ulusi n'kuyambiranso."

Izi zinamupweteka Chisamba kuposa mkwiyo umene anabwera nawo, chifukwa mkwiyowo anali atauzolowera.

Panja galimoto inaliza hutala. Mayi anapondanso makina kuti amalize msoko, ndipo kanyimbo kaja kanathera pomwe kankathera masiku onse. Kamtsikana, kali chiimire pambali pawo, kanadikira pang'ono, kenaka kanamaliza mwamanyazi: "Hablaríamos." Anali mawu achinayi aja, otanthauza kuti tikanalankhula.

Chisamba anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ananso mpando wa bambo ake, umene unali utaperepeseka pakati. Hutala inaliranso. Anatuluka kukalankhula ndi dalaivala, chikwama anachisiya pakhomo.

Mayi anadula ulusi ndi mano. Anayesa mawu aja a mdzukulu wawo, lilime linawakana. Anatukwana ulusi chapansipansi n'kuyambiranso.