Huva Yomwe a Zamfir Ankaikana

A Zamfir ankasunga agalu awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri, pa nsanjika yachitatu ya mdadada wakale mumzinda wa Buzău. Bursuc anali woyera, Mura wakuda, ndiye panalibe chovala chimene chikanapulumuka. Ukavala zakuda ankakusainira Bursuc, ukavala zoyera inali ntchito ya Mura. Chisanu chikamatha, ubweya unkayoyoka osapumira, n'kumadzikulunga wokha pansi pa bedi mpaka mlendo kuganiza kuti m'nyumbamo mwabadwa galu wachitatu.

Eni ake sankaonapo vuto. Loweruka lililonse m'mawa ankakulunga kapeti yawo yofiira, n'kuiponya paphewa, n'kutsika nayo masitepe agalu ali pambuyo. Pakati pa bwalo panali chitsulo chopunthirapo makapeti, chija anachizika pomanga mdadadawo. Kale pankakhala mzere pamenepo. Koma anthu onse anagula mahuva, makina aja okoka fumbi, ndipo chitsulocho chinatsalira ana okonda kulendewera ndi akuluakulu awiri okha: a Zamfir, ndi mayi Sanda a khomo lachiwiri, mphunzitsi wopuma, amasiye ngati iwo.

Mayi Sanda ankatsika ndi kakapeti kawo kobiriwira ikangokwana naini. Dzanja lawo linali lofooka, ankatero, ndiye a Zamfir ankawapunthira. Kakapetiko sikankatulutsa fumbi n'pang'ono pomwe, ndipo a Zamfir ankanyadira.

"Mukuona, mayi Sanda? Ndi ntchito yanga ya sabata yatha imeneyi. Ine ndikapuntha, fumbi limasamukiratu."

"Zoonadi, a Zamfir. Dzanja lanu ndi lodalitsika."

Akatero ankathandizana kupinda kapeti yofiira ija, wina uku wina uko, kenako n'kukhala pa benchi kukamba za mtengo wa tchizi, za mawondo ndi za boma, agalu atagona pamapazi pawo. Linali ola limodzi basi. Koma sabata yonse a Zamfir ankakhalira ola limenelo. Ankawakonda mayi Sanda, ndipo zaka zitatu zinali zitatha osafika ponena kuti, "Tiyeni mukamwe khofi kwathu." Mawuwo ankafika pakhosi n'kubwerera. Tsono popanda kapeti, bambo wa imvi angatsike kudzatani pabwalo naini koloko, chimanjamanja, mawindo onse a mdadada ali pa iye?

Ndiye mumvetse mmene mtima wawo unachitira pamene mwana wawo Ilinca anafika kuchokera ku Bucharest Lachisanu masana. Anakhala pa sofa ndi buluku lakuda, anadzukapo lili loyera. Pa chakudya anangolowetsa supuni kamodzi n'kuiimika m'mwamba.

"Bambo, mu supu muli ubweya."

"Uchotse. Si fupa limenelo."

"Mdzukulu wanu wayamba kukwawa. Pa Pasaka ndikubwera naye kuno. Mukufuna adzakwawe pansi apa n'kudzuka ali ndi ndevu?"

"Ndimapuntha Loweruka lililonse, iwe."

"Ndipo adokotala anati phewa limenelo mulipumitse. Mawa tikukagula huva. Chopunthira chanucho ndikachisiya kosungira zinthu zakale, pamodzi ndi wailesi yanuyo."

Sikanali koyamba. Kawiri konse Ilinca anawatumizirapo zithunzi za mahuva pafoni, ndipo kawiri konse a Zamfir anapeza cholakwika. Bambowa anakonza injini za sitima zaka makumi atatu, moti makina oti asawapezere chilema anali asanabadwe. Kukana poyera sankakana, chifukwa Ilinca anatengera mayi ake kuuma khosi. Ankangovomera kuti huva njofunika, koma osati iyo.

"Kusitolo tipita masana," anatero a Zamfir. "M'mawa ndili ndi ntchito."

M'mawa mwake Ilinca anawaona akutuluka ndi kapeti paphewa.

"Malaya osita, Bambo? Kokapuntha kapeti?"

"Ndi omwe anali pamwamba."

Tsiku limenelo anapuntha pang'onopang'ono ngati munthu wolipidwa pa ola. Za huva sanawauze mayi Sanda. Anangokhala pa benchi mtima uli zii, akuganiza kuti mwina ili ndi Loweruka lomaliza.

Sitolo inali ya a Horia, kuseri kwa msika, bambo wa mimba yotsogola amene anagulitsa firiji pafupifupi khomo lililonse mumzindamo ndipo ankakumbukira onse. A Zamfir analowa ndi jumbo yotupa m'dzanja limodzi, chidutswa cha kapeti yakale m'khwapa. Anachiyala pansi pakati pa sitolo, n'kukhuthulirapo ubweya wa m'jumbomo, woyera ndi wakuda, n'kuupondaponda ndi chidendene mpaka unalowerera.

"Mwabwera kudzagula kapena kudzaweruza mlandu, a Zamfir?" anafunsa a Horia.

"Zonse. Itanani woyamba."

Yoyamba inali yopanda thumba, ya kabotolo koonekera mkati. Inakoka bwino ndithu. A Zamfir anawerama n'kusuzumira ubweya ukuzungulira m'kabotolomo.

"Ndiye ndizikhala pansi n'kumaonerera nyansi zanga ngati kanema? Nanga pokhuthula? Ubweya wonsewu undibwerera kumaso. Ndiuchotse pa kapeti kuti ndiuike m'mphuno?"

Yachiwiri inali yopanda chingwe, yowonda ngati ndodo ya tsache, yoyendera batire. Ilinca anaikonda pomwepo, anati njopepuka, phewa silingamve.

"Batire limakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Theka la ola," anayankha a Horia.

"Theka la ola ndi Bursuc yekha, tsono mbali imodzi. Mura tizimuyamba mawa lake?"

A Horia anapukuta thukuta n'kutulutsa ina yozungulira ngati mbale, ija imayenda yokha m'nyumba. Anaiika pansi, iyo n'kuyamba kuyendayenda, kugunda mwendo wa tebulo, kubwerera.

"Imeneyi, Bambo, simuigwira n'komwe," anatero Ilinca. "Inu muzingokhala."

"Mura adzaiyesa kamba, adzaidya tsiku loyamba. Komanso zinthu zongoyendayenda m'nyumba popanda chifukwa ndili nazo kale ziwiri."

Ilinca anatseka maso n'kupuma mozama, mmene ankachitira mayi ake mbale isanauluke. A Zamfir anayamba kupinda chidutswa chawo cha kapeti, mtima ukubwerera m'malo. Atatu agwa, Loweruka lapulumuka.

"Dikirani kaye," anatero a Horia. "Ilipo ina. Anthu amaidutsa chifukwa siyokongola."

Anaikoka kuchokera kuseri kwa mafiriji. Inali yotuwa, yonenepa, ya matayala awiri akuluakulu ndi thumba mkati. Kumapeto kwa paipi kunali burashi yozungulira yokha, yopangidwira ubweya wa ziweto. A Horia anaiyatsa, ndipo inangong'ung'udza chapansipansi, phokoso loti galu wogona sangadzutse nalo mutu. Anaidutsitsa kamodzi pa chidutswa chija, ndipo panaoneka maluwa amene a Zamfir anali ataiwala kuti analipo.

Apa mpamene ntchito inakula. A Zamfir anagwada. Anatsegula chivindikiro, ananunkhiza injini, anaika khutu pamimba pake ikulira. Anakoka chingwe mpaka pakhomo la sitolo, chinali chikadalipo. Anachotsa burashi kuti aone ngati ubweya wakulungamo, inatuluka ndi chala chimodzi, yoyera. Anagogoda matayala. Ankafunafuna chilema ngati munthu wofuna ndalama m'thumba lobooka, koma sichinapezeke. Ndipo apa mpamene panali tsoka lawo: kunamiza mwana wawo akanatha, koma kunamizira injini yabwino ankakuona ngati tchimo.

"Mtundu wakewu," anatero chapansipansi. "Ngwachisoni."

"Bambo, mukukagona nayo?"

Pomwepo a Zamfir anakumbukira thumba, n'kuligwira ngati womira wagwira udzu.

"Matumba. Lero alipo, chaka chamawa mudzati anasiya kupanga. Ndimazidziwa ine zimenezi."

"Matumba?" A Horia anaseka mimba n'kugwedezeka. "Onani shelefu iyo. Ndipo sindingasiye kuitanitsa, angandidye wamoyo mayi Sanda a mdadada wanu uja. Amadzatenga miyezi itatu iliyonse. Yawo ndi yomweyi ndendende, chaka chachisanu tsopano, sinabwerepo kudzakonzetsa. Kawafunseni. Amati kapeti imachita kukhala ngati yochapa."

A Zamfir anali akadagwada, burashi ili m'manja.

"Sanda wake uti?"

"Aphunzitsi aja. A khomo lachiwiri."

"Ali ndi huva?"

"Ndinakawasiyira ndekha, masitepe onse aja."

A Zamfir ankaona kakapeti kobiriwira kaja kali pa chitsulo, iwo akukamenya ndi mphamvu zonse, fumbi osatuluka. Ankadzimva akudzitama kuti fumbi limawaopa. Makutu anawatentha ndi manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe choti sichikanabisika, moti anawerama n'kumabwezera burashi ija m'malo mwake nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

Ilinca sanali mwana. Anayang'ana malaya osita aja, n'kuyang'ana makutu a bambo ake.

"Mayi aja a kakapeti kobiriwira? Amene ndinakuonani pawindo mukuwapunthira m'mawa muja?"

"Dzanja lawo ndi lofooka."

"Eya. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe."

"Ukunena ndani?"

"Bursuc, Bambo. Ndikunena Bursuc."

A Zamfir anadzuka, n'kudzisansa m'mawondo.

"Imangeni, a Horia. Ndi matumba ake."

"Mtundu wachisoni uja mwaukhululukira?" anafunsa a Horia.

"Imangeni, ndatero."

Ilinca anabwerera ku Bucharest Lamulungu. Huva inagwira ntchito yake mosanyinyirika. Thumba loyamba linadzaza tsiku limodzi. Bursuc anaiuwa kawiri n'kutopa, Mura anafika pogona chagada kuti nayenso aidutsitse pamimba pake. Pofika Lachisanu kapeti yofiira inali yofiiradi, kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi a Ilinca.

Loweruka m'mawa a Zamfir anavala malaya osita, anaima pakhomo chimanjamanja, n'kutsika masitepe atatu. Kulimba mtima kunathera pomwepo. Anabwerera, anakulunga kapeti yopanda fumbiyo n'kuiponya paphewa. Munthu sasintha ndi sabata imodzi.

Mayi Sanda anali atafika kale, atavala chikhoti chakuda, kakapeti kawo kali pa chitsulo. A Zamfir anapachika yawo pambali pake, anakwinya manja a malaya, n'kumenya. Sipanauluke kanthu. Anamenyanso. Masiku onse mayi Sanda ankabwerera m'mbuyo kuthawa ubweya, koma lero anangoima pomwepo.

"Agalu anu mwawameta, a Zamfir?"

"Ndagula huva."

"Oo." Mayi Sanda anayang'ana pansi. "Ndiye kuti kuno muzisowa."

"Njabwino kwambiri. Yotuwa, ya matayala akuluakulu. A Horia akuti inu mukuidziwa bwino."

Mayi Sanda anakonza mpango pakhosi, ngakhale unali bwinobwino. Bursuc anabwera kudzatsamira pa chikhoti chakuda chija, iwo sanamuthamangitse.

"Horia uja pakamwa pake mpa msika," anatero potsiriza.

"Zaka zitatu, mayi Sanda, ndikumenya kapeti yosalakwa."

"Nanga inu mmene munkanyadira muja, ine ndikanati chiyani?"

A Zamfir anaseka, mayi Sanda nawo anaseka atagwira pakamwa. Kenako kuseka kunatha, ndipo mawu aja anafikanso pakhosi pa a Zamfir n'kuima pamalo pake pa masiku onse. Anayang'ana chopunthira, anayang'ana agalu, anayang'ana mawindo. Pa nsanjika yachiwiri katani inagwedezeka.

"A Zamfir," anatero mayi Sanda, "kakapeti aka n'kakang'ono, koma masitepe a kwathu ndi makumi anayi. Mawondo anga atopa kudikira."

"Khofi alipo pamwambapa," anatero a Zamfir, mawu atatuluka okha asanawaletse. "Ubweya mulibe. Mwina pang'ono mu shuga."

Mayi Sanda anayang'ana chikhoti chawo, chimene mbali imodzi chinali chitayera kale.

"Tiyeni. Ubweyawo ndinauzolowera kalekale."

Anakwera pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo, agalu ali patsogolo. Makapeti awiri aja, yofiira ndi yobiriwira, anatsala pa chitsulo mpaka masana, ndipo mdadada wonse unawaona.