Galimoto Yodumpha ya ku Eersterust

Swaibu anafika ku Joni mu 1998, ntchito imene ankaidziwa ili yowotcherera basi. Anaipeza ku Eersterust, m'galaja ya kuseri kwa nyumba ya Oom Neville, bambo wonenepa amene ankakonza magalimoto a anthu koma mtima wake uli pa imodzi yokha: Valiant yakale yobiriwira, yotsika mpaka kutsala pang'ono kukhula phula.

Galimotoyo inkadumpha. M'buti munali mabatire ndi mapampu awiri ochotsedwa ku lole yakufa, ndipo mapaipi a oilo ankafika ku matayala onse. Ukakhudza siwichi, kutsogolo kunkanyamuka, kugwa, kunyamukanso. Loweruka anthu ankadzaza msewu kudzaonerera. Zitsulo zolimbitsa kunsi kwake anawotcherera ndi Swaibu, ndipo patapita zaka Oom Neville anayamba kumusiyira siwichi kuti aidumphitse yekha.

Mkazi wake Maimuna, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, sankaikonda.

"Galimoto ndi yoyendera, bambo a Hassani. Yovinayi ndi ya chiyani?"

"Simunaione bwino, mayi," Swaibu ankayankha akuseka.

Mu 2004 kunali ukwati wa mwana wa mlongo wake wa Oom Neville, ndipo Valiant inayenera kunyamula mkwatibwi. M'mawa anapeza oilo atadontha pansi. Zitsulo zochirikizira galimoto anali atabwereka munthu wina.

"Eish, nthawi yatha," anatero Oom Neville. "Ndiikweza ndi mapampu, iwe ungomanga nati ya paipi yodonthayo."

Swaibu analowa kunsi chagada. Anamanga natiyo, n'kukokanso sipanala kuti ilimbe. Paipi inaphulika. Galimoto inatsika yonse nthawi imodzi, popanda phokoso lalikulu, n'kumupanikiza m'chiuno. Anamutulutsa amuna ovala masuti a ukwati, oilo atawadetsa mpaka m'zigongono.

Kuchipatala anati msana wathyoka, sadzayendanso. Oom Neville ankabwera Lamlungu lililonse ndi malalanje, n'kukhala pampando osayang'ana kumene kunali miyendo.

"Galimoto ija ndiidula ndi gasi," anatero tsiku lina. "Ipite kwa ogula zitsulo."

"Musatero, Oom. Ingosinthani mapaipi onse. Galimotoyo ilibe mlandu."

Maimuna, yemwe ankapinda zovala, anazisiya pabedi n'kutuluka m'wodi.

Atamutulutsa m'chipatala, adona a ku Queenswood anakana kuti munthu wodwala azikhala m'kachipinda ka antchito. Anasamukira ku Winterveld kwa Yahaya, msuweni wa Swaibu, kumene njinga ya olumala inkatitimira mumchenga pakhomo pomwe. Swaibu ankangokhala pamthunzi wa malata, manja ake akuyera ndi kufewa. Maimuna ankalawirira ku ntchito n'kubwera miyendo itatupa, kenaka kumusambitsa. Nyengo yozizira itatha ananena yekha kuti, "Tiyeni kwathu." Swaibu sanatsutse.

Oom Neville anawaperekeza pabasi ndi bakkie, kagalimoto kake konyamulira katundu. Anamunyamula Swaibu m'manja mpaka pampando, nayesa kulankhula, koma kondakitala anamuuza kuti atsike.

Ku Ntaja abale anasonkhana pakhonde kudzamuona. Amalume ake anafunsa chimene chinachitika.

"Galimoto," anatero Swaibu.

"Madalaivala a ku Joni," amalumewo anapukusa mutu. "Amathamanga ngati msewu ndi wa bambo awo."

Swaibu anayang'ana Maimuna. Iye anali atawerama, akumasula chingwe cha chikwama. Palibe amene anawongola nkhaniyo.