Masamba Makumi Atatu a Mzamba Minda

Luzviminda Tupas, amene anthu a pachilumba cha Guimaras ankangomutchula kuti Minda, anali atagwira ntchito ya uzamba zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ena mwa ana amene anawalandira ndi manja ake anali atakwatira kale. Koma tsiku limene chimangirizo chake chinabwerera kuchokera ku koleji ya ku Iloilo, manyazi anamugwira ngati kamwana ka sitandade wani. Pa tsamba loyamba panali mawu a inki yofiira: "Sindikumva chimene mukufuna kundiuza. Lembaninso. Muli ndi sabata imodzi."

Chimangirizocho chinali chomaliza pa maphunziro ake owonjezera. Akanalephera, akanabwereza chaka chathunthu, ndipo udindo woyang'anira chipatala chaching'ono cha kwawo ukanapita kwa wina. Mutu wa chimangirizocho unali woti, n'chifukwa chiyani amayi a m'midzi ya kumapiri amachirirabe pakhomo. Minda analemba masamba makumi atatu, motsatira malangizo a mlamu wake Efren, kalaliki wa ku ofesi ya boma.

Efren ataona inki yofiirayo sanadandaule n'komwe. "Mlamu, anthu a ku koleji amayeza pepala pa sikelo ngati mango," anatero akusenda nthochi yophika. "Zachepa basi. Onjezerani masamba khumi, muthiremo mawu ovuta oti iwonso akafufuze m'buku. Akapanda kumva, amaganiza kuti ndinu anzeru."

"Nanga si sanamve kale? Bwanji sanandiyese wanzeru?" anayankha Minda.

Lolemba m'mawa anakwera boti kuwoloka kupita ku Iloilo. Anapeza mphunzitsi wake, Mayi Gallenero, ali mu ofesi yawo. Anali wamng'ono kwa Minda ndi zaka zoposa khumi, wochepa thupi ndiponso wosachedwa polankhula.

"Aphunzitsi, zonse zimene ndalembamo n'zoona," anayamba Minda. "Ndinaziona ndi maso angawa."

"Sindikukana, Mayi Tupas. M'kalasi monse mulibe wodziwa zinthu kuposa inu. Tsekani pepalalo. Tiyerekeze kuti boti likunyamuka, ine ndili m'kati, inu muli padoko. Ndikuwireni chimene mwapeza, mpweya umodzi."

Minda sanaganize n'komwe. "Amayi sakana chipatala ayi. Mvula ikagwa mtsinje umadzaza, njinga yamoto siwoloka, ndipo amene angafune kubwera msanga alibe pogona podikira tsiku lawo."

Mayi Gallenero anawomba m'manja kamodzi. "Zimenezo zili pati m'pepala lanu?"

Minda anatsegula masamba, kunyambita chala, kutsegulanso. Anazipeza pa tsamba la 23, pakati pa nkhani ya katemera ndi mbiri ya chipatala.

"Mfundo yaikulu mwaibisa ngati ndalama ya m'mpango," anatero mphunzitsiyo. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa sizasi. "Muli nalo kope lina?"

"Lili kunyumba."

"Ndiye musalire."

Anayamba kudula chimangirizocho ndime ndi ndime. Minda anagwira pakamwa. Miyezi itatu ya ntchito yake inali kugwera pa tebulo ngati masamba a mtengo. Mphunzitsiyo atatha, anasesera tizidutswa tonse pansi, n'kuvula nsapato, n'kukhala pa simenti.

"Khalani pansi, mayi. Tolani kachidutswa kalikonse, mukafunse kuti, kodi iwe ukuthandiza bwanji mawu aja ndinakuwa padoko? Ka mtsinje kapite uko. Ka kusowa pogona kabwere kuno."

Minda anayamba mokayika. Pasanathe theka la ola manja ake anali kuyenda okha. Chiwerengero cha amayi amene anachirira pakhomo m'miyezi ya mvula, chimene chinali pa tsamba lachinayi, chinakumana ndi mawu a woyendetsa njinga yamoto amene anali pa tsamba la 27. Zinagwirizana ngati zinalembedwa tsiku limodzi. Panatuluka mulu wachitatu umene iye sankadziwa kuti ulipo: amayi asanu ndi awiri, m'malo osiyanasiyana, onse ananena kuti analibe wowasiyira ana akamapita kuchipatala.

"Mayo ine," ananong'ona. "Zimenezi ndinalemba ndine?"

"Ndinu. Kungoti munazimwaza."

Panatsala mulu waukulu wopanda kwawo. Pamwamba pake panali nkhani ya mapasa amene Minda anawabadwitsa pa nthawi ya mphepo yamkuntho, denga la chipatala likusasuka. Anaitola n'kuifumbata.

"Iyi yokha ayi, aphunzitsi. Ndi imene ndinailemba bwino kuposa zonse."

"Ndinaiwerenga kawiri, ndipo misozi inalengeza. Koma mayi wa mapasayo anachirira kuti?"

"Kuchipatala."

"Ndiye ikuyankha funso liti?"

Minda anaipinda n'kuiika m'chikwama.

Mayi Gallenero anamuuza kuti ayale milu itatu ija motsatana kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Pakhomo anaikapo pepala loyera. "Ichi ndi chiyambi. Muuzeni wowerenga funso lanu, yankho lanu, ndi njira imene mudzere. Milu iyi ndi thunthu. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi yokha. Chiganizo choyamba chinene mfundoyo, zotsatira zipereke umboni, ndipo mutchule kumene umboniwo mwautenga. Tsono ndani angakutsutseni?"

"Madokotala a m'tauni. Amati vuto ndi miyambo, amayi amakonda azamba a kumudzi."

"Apatseni ndime yawo, muwalembe mwachilungamo, kenaka muwayankhe. Pawindo apo ndi mathero. Musabweretsepo chatsopano. Nenani chimene mwatsimikiza ndi chimene chiyenera kuchitika."

Minda analemba chiganizo chimodzi pamwamba pa ndime iliyonse. Atatha, mphunzitsiyo anati, "Imirirani. Yendani kuchokera pakhomo, muwerenge ziganizo zoyamba zokhazokha, mokweza."

Minda anayamba kuyenda, nayenso wopanda nsapato, akuwerenga. Chiganizo chilichonse chinkatsegulira chinzake njira. Pofika pakati mawu ake anali atasintha, akumveka ngati a munthu amene sangabwezedwe. Atafika pawindo anaima. Ziganizo khumi ndi ziwiri zokha zinali zitanyamula zaka zake zonse za ntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba iye mwini anaona bwinobwino chimene ankadziwa. Anacheuka kuyang'ana mzere wa mapepalawo pansi, osakhulupirira.

"Sindinawonjezere liwu ngakhale limodzi," anatero Mayi Gallenero akuvala nsapato.

Chimangirizo chatsopano chinakwana masamba khumi ndi anayi, ndipo chinathera ndi pempho loti pamangidwe nyumba ya chidikiro pafupi ndi chipatala. Efren atachinyamula anapukusa mutu. "Mlamu, kamphepo kadzakulandani aka padoko."

Patatha milungu itatu Minda anaitanidwa kukafotokoza ntchito yake pamaso pa oyesa atatu. Mmodzi anali dokotala wachikulire wa ku ofesi ya zaumoyo, amene ankadziwika kuti amawodzera ophunzira akamalankhula. Tsiku limenelo sanawodzere. Anawerenga tsamba loyamba, n'kukweza magalasi, n'kupitiriza mpaka kumapeto osafunsa kanthu.

"Mayi Tupas," anatero pomaliza, "nyumba ya chidikiro mukunenayi ingafune mabedi angati?"

"Asanu ndi limodzi, adokotala. Ndi kachipinda ka ana."

Dokotalayo anatulutsa cholembera m'thumba la malaya n'kulemba m'kabuku kake. Minda anayang'anitsitsa dzanjalo likuyenda. Mawu amenewo anali atawanenapo m'misonkhano yosawerengeka, koma aka kanali koyamba kuona munthu akuwalemba.

Phunziro: Kudziwa zambiri sikokwanira ngati wowerenga sakupeza njira. Musanalembe, nenani yankho lanu m'chiganizo chimodzi ndipo muliike koyambirira. Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi ndi umboni wake, otsutsa muwayankhe mwaulemu, ndipo chimene sichikuthandiza funso lanu chichotseni ngakhale mukuchikonda.