Makutu a Wowotcherera

Mayi Sinditsitsa sanagwirepo makina owotcherera chibadwire, koma kulira kwake ankakudziwa ngati kulira kwa mwana wake. Malo ake anali pa mpando wachitsulo pakhomo pa shedi, pamene ankalimbana ndi makasitomala mpaka anamupatsa dzina limenelo. M'kati munali amuna ake, mmisiri wowotcherera zitsulo. Sukulu mayiyu anaisiyira panjira, koma makutu ake okha anaphunzira.

Makinawo anali a waya ndi gasi. Ukakanikiza kabatani, waya amatuluka yekha n'kumasungunukira pa chitsulo. Manambala a pa zopotokola zake anafufutika kalekale, ndipo abambowo ankatchera moto ndi khutu basi. Atangowagula makinawo, anamukokera mkazi wawo m'shedi kuti amve.

"Tamvera. Akamati thethethe ngati mafuta m'chiwaya, waya akungogunda chitsulo n'kuduka, kugunda n'kuduka. Moto wake ndi wochepa, wa zitseko ndi zitsulo zopyapyala. Akamati pha! pha! ndiye kuti akugwetsa madontho akuluakulu ngati mphuno ya mwana wachimfine, amangomwaza nyansi. Koma ukawonjezera moto mpaka ati siiii, chitsulo chikupopera ngati nkhungu. Ameneyo ndiye amalowa m'chitsulo chochindikala mpaka m'kati."

"Mwandiitanira zimenezi? Poto wanga akupserera uko," anatero mayiyo. Koma zinamukhala m'mutu.

Tsopano onse awiri anali ndi imvi. Ntchito imene inali m'shedi inali nsanja ya thanki lamadzi, ya bambo wina wa nyumba za lendi. Thankilo linkayenera kukaima pakati pa bwalo, pomwe amayi amachapira ndipo ana amasewera pansi pake. Mapazi a nsanjayo anali mbale zachitsulo zochindikala ngati chala chachikulu.

M'mawa umenewo mayiyo ali pampando wake anamva thethethe. Anati mwina akungogwiriziza kaye. Phazi loyamba linatha, thethethe. Lachiwiri, chimodzimodzi. Pofika lomaliza, mayiyo anali atasiya kusenda mbatata zimene zinali pamiyendo pake.

Za makutu a amuna ake ankazidziwa. Wailesi inkalira mpaka oyandikana nawo kudandaula. Ukawafunsa za sopo ankayankha za supu, kenako n'kukalipa kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mano. Mwana wawo wamwamuna, amene amawotcherera ku kampani yaikulu, anawauzapo kuti apume. Anamuthamangitsa ngati wakuba, ndipo mayiyo anaikira kumbuyo amuna ake. "Akapuma azitani, aziwerenga ntchentche? Choka apa!" Chichokereni tsikulo mwanayo sanapondenso pashedi.

Mayiyo analowa. Abambo anakweza chisoti chowotcherera, nkhope ili mwee.

"Taona mzerewu, mayi a mwana. Ngati wasokedwa ndi telala."

Mzere umene anawotchererawo unalidi wokongola, wosalala, wopanda chotupa.

"Moto wachepa."

"Ati?"

"Ndati moto wachepa! Akulira ngati chiwaya!"

"Iwe, zitsulo unaziyamba liti? Pita ukakalipire makasitomala, ndiyo ntchito yako."

Panja lole inaliza hutala. Anali bambo wa nyumba za lendi uja, atabwera kudzatenga nsanja yake. Mayiyo anayang'ana mzere wosalalawo. Palibe akanaona vuto, ngakhale mwini wake, ngakhale woyendetsa lole. Akanangoti kwezani, amuna ake akanadya masana amenewo ali mmisiri. Anatuluka.

"Mayi, zatheka? Anthu a lendi andidya wamoyo ndi nkhani ya madzi."

"Bwerani mawa."

"Munati lero! Ndabwereka ndi lole yomwe."

"Lole siwola. Mawa."

"Koma nsanjayo si iyo ndikuiona apoyo?"

"Mukuiona ndi maso, ine ndaimva ndi makutu. Achimwene, musandichedwetse, ndili ndi mbatata zosenda."

Bamboyo anachoka akung'ung'udza kuti shedi ino ikulamulidwa ndi siketi. Abambo anaona lole ikutembenuka yopanda kanthu ndipo anaponya magolovesi pansi.

"Wabweza kasitomala? Ntchito yatha iyi! Ukufuna kundichititsa manyazi pakhomo panga pomwe?"

Kufuula kunali kutamutopetsa mayiyo. Anatenga hamala yaikulu imene inali pakona, naikweza ndi manja awiri, naimenyetsa pa phazi la nsanja. Koyamba chitsulo chinangolira. Anamenyanso, namenyanso, msana ukumuwawa. Kenako gwe! mbale ija inagwa pansi n'kugubuduka.

Abambo anaitola. Pamene panali mzere wokongola uja, chitsulo chinali mbee, chosakhudzidwa n'komwe. Waya anangokhala pamwamba ngati phula la kandulo logwera pa tebulo. Anayendetsapo chala chachikulu, kubwereza, kubwereza. Anakhala pa chigubu chopanda kanthu.

"Koma ine ndimamva siiii," anatero motsitsa mawu.

Mayiyo anaima patsogolo pawo kuti aziona pakamwa pake. "Mumamva kuti?"

"Umu." Anagwira khutu. "Ndikadzuka, siiii. Ndikamadya, siiii. Ngakhale panopa makina ali chete, akulira. Ndimati ndikakanikiza kabatani n'kumva choncho, ndimati moto wakwana."

Mayiyo anafuna kukalipa, poti ndiko kunali kulira kwake. M'malo mwake anatola magolovesi aja nawaika pamiyendo pawo.

"Dzukani. Palani zonsezi, tiyambirenso."

Abambo anapala mizere yonse ndi chopalira mpaka fumbi lachitsulo linadzaza m'shedi. Atagoneka phazi loyamba pa benchi, mayiyo anavala chisoti chakale chong'aluka, naima kumbuyo kwawo, dzanja lili pa phewa lawo. Abambo anayesera pa kachidutswa. Thethethe. Mayiyo anawagwedeza phewa. Abambo anapotokola. Pha! pha! Madontho amoto anagwera pa nsapato zake, koma sanasunthe. Anawagwedezanso. Anapotokolanso, nawonjezera liwiro la waya. Phokoso lonse linazilala, panatsala kamluzu kosalala, siiii. Mayiyo anafinya phewalo mwamphamvu.

Manja a abambowo anali asanaiwale kanthu. Anayenda pang'onopang'ono, osanjenjemera, phazi ndi phazi, mkazi wawo ali chigwirire. Zitazizira anatenga okha hamala ija namenya mpaka thukuta. Chitsulo chinapindika pang'ono, koma mzere sunasunthe.

"Mwaonatu!" anafuula mayiyo. "Nkhani yatha. Ine ndizikhala makutu anu. Mpando wanga ndiulowetsa m'kati muno, makasitomala azindipeza momwemo."

Abambo anatseka gasi. Anakulunga chingwe bwinobwino monga ankachitira madzulo aliwonse, chikhalirecho dzuwa linali lidakali pamutu. Anapukuta galasi la chisoti ndi malaya awo nachikoleka pa msomali.

"Muimbire mwana. Abwere adzatenge makinawa."

"Mwapenga? Ntchito si iyi yalimba?"

"Yalimba chifukwa unalipo. Tsiku lina udzapita kumaliro, kapena udzagona ndi mutu. Kudzabwera munthu ndi chitsulo chake, ine ndidzamva siiii, ndidzawotcherera. Ndikudzidziwa."

"Ndiye muzipanga zitseko zokha. Zopyapyala. Zija sizifuna moto wambiri."

"Ayi."

"Mawindo okha. Timipando ta ana."

"Ayi, mayi a mwana. Thanki lija likanagwera mwana wa munthu, ine ndili kuno ndikuyamikira mzere."

Anatembenuka nayamba kusonkhanitsa zidutswa za pansi, kuziponya m'chidebe chimodzichimodzi. Mayiyo anapitiriza kulankhula kumsana kwawo. Anawatchula ouma mutu, anati akhala bwanji pakhomo tsiku lonse ngati mphaka wokalamba, anati iyeyo mpando wake aupititsa kuti. Kenako anati, "Chonde, bambo a mwana." Mawu amenewo sanawanenepo kwa kasitomala aliyense. Abambo sanacheuke. Sankaona pakamwa pake.

Mayiyo anatuluka nakhala pampando wake. Mbatata zosenda zija zinali zitada. Anatulutsa foni m'thumba la epuloni, naigwira nthawi yaitali asanaimbe.

"Amayi? Kwagwanji?"

"Ubwere ndi galimoto. Bambo ako akuti udzatenge makina."

"Ali bwino?"

"Ali bwino, akusesa. Tamvera iwe. Ukafika usadzanene kuti ndinkanena ine. Ukadzangoyerekeza, hamala ija ndidzakumenya nayo. Udzaime patsogolo pawo, udzawapatse moni mokweza."