Kanyanga Kachiwiri ka Onga

Fabiano adakhala pakhonde pa mkulu wake, mfuti ya gogodela ili pamiyendo, akupala chipolopolo cha mtovu ndi mpeni kuti chilowe mumpope mosagwedera. Mkulu wakeyo, Fanizo, adali gone pamphasa. Mwendo wake adaudula kuchipatala, nguluwe itamung'amba m'munda wa kachewere kumapiri a Biriwiri, ndipo nyamayo inkabwerabe kudzafukula mizere ngati kuti idalima nawo.

Mfutiyo idali ya Fanizo, ndipo iye ndiye ankaudziwa mtima wake. Adamukumbutsa mng'ono wakeyo kuti mpope udakalamba, kuti muyeso wake wa onga ndi kanyanga ka gwape kamodzi kosasefukira, ndiponso kuti mfuti yolira kamodzi imafuna munthu wodekha.

"Kamodzi n'kophera agwape, achimwene," adatero Fabiano osadzutsa mutu. "Ine ndikufuna chipolopolo chikatulukire mbali inayo."

"Iwe, nyama siifa ndi phokoso, imafa ndi polasa. Ukaonjeza, chipolopolo chimasokera. Phukusi la moyo umasunga wekha."

Fabiano adavomera pakamwa pokha. Adatsira kanyanga kamodzi mkulu wake akuona. Koma maso ake atagwera pa chitsa cha mwendo chokulungidwa m'nsalu, ndi pa ntchentche zimene mlamu wake Regina ankaingitsa ndi kanthambi, adanyamuka ndi mfutiyo. Adazungulira kuseri kwa nkhokwe, natsira kachiwiri, natsendera ndi ndodo mpaka mkono udawawa.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke m'zigwa, adabisala pachulu cha kumalire a munda. Nguluwe idatulukira mosafulumira, yamphongo, ya msana wotuwa, dothi lofiira lili kumphuno. Fabiano adaileka kuti iyandikire kufikira adamva kutafuna kwake. Adafuna kuti imuone, idziwe mwini imfa yake. Itadzutsa mutu, iye adaomba.

Mpope udang'ambika ngati bango.

Adamutola ndi amayi amene ankapita ku Lizulu ndi madengu a kabichi. Iwo adati adamupeza ali chagada, nkhope yakuda ndi utsi, akufunsa ngati nyamayo yagwa. Chipolopolo adakachipeza pambuyo pake m'thunthu la mtengo wa msuku, pamwamba poti ngakhale ng'ombe sichikadaikhudza.

Patapita masabata atatu, Regina adayala mphasa yachiwiri pakhonde paja. Adawauza abale awiriwo kuti mizere ya kumunsi yatha kufukulidwa, ndipo adalowa m'nyumba osadikira yankho. Fanizo sadakalipe. Adayang'ana kumapiri, nafunsa motsitsa mawu.

"Udatsira tingati?"

Fabiano adakweza dzanja lamanzere kuti aonetse tiwiri, koma zala zoti awerengere padalibe.