Waifai ya Kuchipinda kwa Apongozi

Apongozi anabwera kudzaonetsa diso kuchipatala. Diso linachira, mvula inagwa mpaka kusiya, koma iwo osachoka. Amake mapasa anawakonzera chipinda chakuseri kwa nyumba, chabwinobwino, cha bafa lakelake, koma mayiwo ankangogonako basi. Kukacha ankadzakhazikika pabalaza, pampando woyandikana ndi rauta ya waifai, foni ili m'manja, mawu atakweza mpaka kumapeto.

"Kwanga kuja netiweki sifika, mayi," ankatero. "Ndizikakhala ngati mkaidi?"

Nyimbo ndi maulaliki amake mapasa akanapirira. Chinkawawa ndi mafoni a vidiyo. Apongozi ankaimbira mwana wawo wamkazi wokhala kunja, n'kumazunguza kamera nyumba yonse. "Taona fumbi ili. Makatani awa chibwerere sindinawaone pachingwe." Mwini makataniwo ali chiimire pomwepo. Mwamuna wake akamva ankangoseka, ati akuluakulu ndi choncho. Koma iye zinkamudya mumtima, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha: balaza lake, kuti madzulo azikhala ndi mwamuna wake ndi ana popanda kapitawo.

Nzeru anaipeza yekha. Anaitana katswiri wa intaneti, mkulu wina wa makwerero paphewa, wolankhula ngati akutsatsa mankhwala. Mkuluyo anadutsitsa chingwe m'siling'i, nakhoma timabokosi toyera tonga mbale, kena m'kolido, kena kukhitchini, kena kuseri kwa apongozi.

"Dzina ndi limodzi, pasiwedi imodzi," anafotokoza. "Mukamayenda, foni imasiya kabokosi aka n'kugwira kenako payokha. Ngakhale muli pakati polankhula, sidula."

"Kakuseriko kakhale kamphamvu kuposa tonse," anatero amake mapasa, nkhope ili ngati ya mngelo. "Ndi mayi athu, asamavutike."

Katswiriyo anagwedeza mutu, ati akazi okonda apongozi chonchi anatha kalekale.

Apongozi sanangokhulupirira. Anaimbira mwana wawo uja ali pabalaza, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa m'kolido, kukhitchini, mpaka pabedi pawo, akudikira kuti idule kuti apeze chonena. Sinadule. Anasowa pogwira, nasamukira kuseri. Tisaname, amake mapasa anasangalala. Anakolopa pansi pa mpando uja, anagona pasofa miyendo ili tambalale, akumvetsera bata.

Oyamba kusowa anali mapasa. Kwa agogo netiweki inali yodzadza, ndipo kunalibe wofunsa za homuweki. Amayi awo anati zachibwana, zitha.

Kenako mwamuna. Kale akapita kuseri kukapereka moni kwa mayi ake sankachedwa, chifukwa foni inkafa akangotuluka khomo lakukhitchini, ndipo munthu uja popanda foni amakhala ngati wamulanda mpweya. Tsopano ankalowa pageti foni ili kukhutu, kudutsa pabalaza atakweza dzanja ngati akupatsa moni wapamsewu, kupitirira m'kolido, kutulukira kuseri, nkhani yake osaduka. Chomubweza panalibenso. Timipando tiwiri tinatsatira, kenako TV, ati mpira sumaimaima kumeneko.

Loweruka lina masana amake mapasa anakhala pabalaza lawo lija, loyera, la makatani ochapa, lopanda wodzudzula. Pakhoma panatsala mabowo a TV. Rauta inkangothwanima. Kuseri kunkamveka phwete, apongozi akutsogolera, mwamuna wake akuseka kuseka kumene iye anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Anamva nsanje, nsanje yeniyeni, ndipo wom'dandaulira panalibe poti chingwe anaitanitsa yekha.

Foni yake inalira. Unali uthenga wa mwamuna wake, wochokera mtunda woti akanangokuwa.

"Amake mapasa, mayi akuti mutibweretsere tiyi. Makapu anayi."

Anawerenganso kachiwiri. Sanaone molakwa, anali anayi ndithu.